Mnzanga wandiitana ku fiesta ya kumudzi kwawo ku Bohol, ndipite?

Funso: "Ndine m'Malawi, ndikuphunzira ku Cavite kuno ku Philippines, chaka chachiwiri tsopano. Mnzanga wa m'kalasi wandiitana kuti mwezi wa Meyi ndikakhale nawo pa fiesta ya kumudzi kwawo ku Bohol. Vuto ndi loti ine ndine wa Sabata, nkhumba sindidya, mowa sindimwa, komanso ndamva kuti zimakhala za Akatolika. Ndalama nazo ndi zochepa, anzanga ena akuti bola ndisunge ndidzapite ku Sinulog ku Cebu mu Januwale poti ndiye yotchuka. Ndipite? Nanga ndikapita ndikachite bwanji kuti ndisakamuchititse manyazi mnzangayo?"

Achimwene, pitani. Ndayambira kumapeto dala kuti ngati bandulo ikutha mukhale mutamva kale. Ndipo fiesta, phwando la pachaka lolemekeza woyera wa mudzi, musakafike tsiku lake lenilenilo ayi, mukafike kutatsala masiku awiri, zikavutitsitsa limodzi, chifukwa zokoma zambiri zimachitika kuseri kwa nyumba anthu asanavale zakutchalitchi.

Sinulog sindikuinyoza, ndinapitako ndipo ndi yokongola zedi. Imachitika Lamulungu lachitatu la Januwale, magulu ovina atavala zonyezimira, ng'oma zili wawawa tsiku lonse, anthu osawerengeka. Koma inuyo mumakhala kuseri kwa chingwe, thukuta lili kamukamu, dzanja limodzi lili pathumba kuopa opisa, malo ogona atakwera mtengo kawiri katatu. Perete wake uja mumaona pa TV anayamba kukonzedwa mu 1980, ngakhale kulemekeza Santo Niño, chifanizo cha Yesu ali mwana, kwenikweniko ndi kwakalekale. Kumeneko mumapita kukaonera. Kumudzi kulibe woonera, aliyense amene wafika ndi mlendo wa winawake, ndipo mlendo amalowa m'nyumba n'kudya. Ku chilumba cha Bohol satinso fiesta kwambiri, amati pista, ndipo kupita kukadya kwa anzako tsiku limenelo kuli ndi mawu akeake, amati mamista. Ine zaka zimene ndinakhala ku Visayas, zilumba zapakati pa dzikolo kumene kuli Bohol ndi Cebu, ndinachita mamista kambirimbiri moti thalauzi linasiya kundikwana, nde ndikukuuzani zimene ndinaona ndi maso.

Kaye mudziwe kuti chinthuchi chinachokera kuti, mukatero zina zonse zimamveka zokha. Aspanya analamulira zilumbazi kuyambira 1565, pamene Miguel López de Legazpi anafika, mpaka 1898, ndipo ku Bohol komweko ndi kumene Legazpi anamwerana magazi ndi mfumu Sikatuna popangana ubale. Ansembe a chi Jesuit anafika ku Baclayon mu 1596. Anapeza anthu akukhala patalipatali, wina m'mbali mwa mtsinje, wina kuphiri, wina pamunda pake, nde kuphunzitsa katekisimu kunali kovuta, kutolera msonkho ndiye kovutiratu. Maganizo awo anali osonkhanitsa anthu malo amodzi pomwe belu la tchalitchi likumveka, tchalitchi pakati, bwalo patsogolo, nyumba mozungulira. Ambiri sankafuna kusiya minda yawo, ndani angafune. Ndiye mudzi uliwonse unapatsidwa woyera wake ngati nkhoswe, ndipo tsiku la nkhosweyo kunkakhala misa yaikulu, bandi, zisudzo, zakudya, kuti olo amene amakhala kuphiri atsike. Inali nyambo, tinene zoona. Koma Aspanya anapita, Aamerika anabwera n'kupitanso, pista ikadalipo, chifukwa eni dziko anailanda kalekale n'kuisandutsa tsiku lobwerera kumudzi. Lero dzikolo lili ndi ma barangay, tinene midzi, oposa 42,000, ndipo kumadera a Chikatolika pafupifupi iliyonse ili ndi tsiku lake, pena ngakhale ka sitio, kachigawo ka mudzi ka nyumba makumi atatu, kali ndi kapilya, katchalitchi kake ka malata, ndi nkhoswe yake. Mufunse mnzanuyo ngati ili pista ya lungsod, kutanthauza ya tauni yonse, kapena ya barangay yawo yokha. Ya barangay ndi yaing'ono koma kwa ine ndiyo yokoma, pofika madzulo aliyense amakhala akukudziwani dzina.

Ndipo mwachita mwayi kuti ndi Bohol komanso ndi Meyi. Mwezi umenewu kumeneko tsiku lililonse kumakhala pista penapake, kuyambira ku Tagbilaran, likulu la Bohol, pa 1 Meyi, tsiku la Yosefe woyera, ku Alburquerque pa 4, ku Tubigon pa 15 tsiku la San Isidro Labrador nkhoswe ya alimi, kumangopitirira choncho mpaka mwezi kutha. Ana a ku Bohol ogwira ntchito ku Manila, ku Cebu, ku Mindanao, ku Saudi, pa sitima zapanyanja, amasungira tchuthi chawo mwezi umenewu. Eni ake amaseka kuti mu Meyi chilumba chimamira pang'ono chifukwa cha kulemera kwa anthu obwerera kwawo, ndipo amatinso munthu wochenjera akhoza kudya ulere mwezi wonse bola akhale ndi ya thiransipoti komanso adziwe masiku.

Mukafika mupeza zinthu zinayamba kale. Masiku 9 pista isanafike kumakhala mapemphero a novena madzulo aliwonse ku kapilya, tsiku lililonse kuli chigawo cha mudzi chimene chikutsogolera. Pamakhala munthu kapena banja limene lasenza udindo waukulu chaka chimenecho, amati hermano mayor kapena hermana mayor, ameneyo ndi amene amaonetsetsa kuti maluwa alipo, bandi yalipidwa, ansembe adya, ndipo ndi ulemu waukulu koma thumba limalira. Misewu yonse amakoleka timbendera tamitundumitundu pamwamba, banderitas, ena amangodula mapulasitiki akale. Pa bwalo la basketball, limene ku Philippines limapezeka ngakhale kumudzi kopanda chipatala, kumakhala ligi ya anyamata a m'mudzimo imene fainolo yake amaiika pafupi ndi pista, ndipo ndikuuziranitu, akangokuonani ndinu wakuda akuponyerani mpira, olo muli wamfupi ngati ine, sakhulupirira kuti kwathu timadziwa wamiyendo. Ngati ndi ya tauni mupezanso perya, timasewero ta ana tozungulira tija, ma bingo, ogulitsa zidole ndi mabaluni.

Tsiku loti mawa ndi pista amalitcha bisperas, ndipo limeneli ndiye ndikufuna musaliphonye. Ine pa pista yanga yoyamba ndinafika masana a bisperas kwa mnzanga wina wa kuntchito. Kutsogolo kwa nyumba kunali zii, makatani atsopano, mipando ya pulasitiki yobwereka itasanjikizidwa pakona. Nditazungulira kuseri ndinapeza mudzi wonse uli kumeneko. Anamanga tenti pakati pa mitengo ya kokonati, mafuwa m'malo anayi, pamoto pali chiwaya chimene amati kawa, chachikulu choti mwana akhoza kusambiramo. Amayi atakhala mozungulira tebulo lalitali, wina akudula karoti, wina mbatatesi, wina akuwamba masamba a nthochi pamoto kuti afewe, ena akukulunga budbud, umene ndi mpunga wonanda wophika ndi mkaka wa kokonati, aliyense ali pakamwa mbwembwembwe, nkhani za amene wabwera ndi mwamuna watsopano kuchokera ku Manila. Ndinapempha kuthandiza, anakana. Ndinapemphanso, anakana, akuti mlendo akhale pansi. Kachitatu agogo ena aakazi anangondikankhira beseni la adyo osalankhula kanthu, ndipo ndinasenda adyo ameneyo mpaka zala kuyamba kuwawa. Kenako anandikhazika pa kampando kena kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo kuti ndipale kokonati, umakhala ngati wakwera bulu n'kumakhuta chipande cha kokonaticho pachitsulopo, ine ndinayamba ndi kudzipala chala, agogo aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhala mzungu wakuda wa mnzawo uja, ankangonditumiza ngati mwana wapakhomo. Nde inu mukakakamire pang'ono, akakana kawiri musagonje.

Usiku umenewo anthu sagona kwenikweni. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha mumva nkhumba zikulira mudzi wonse, nyumba iyi, nyumba iyo, ngati zikuyankhana. Banja lambiri limagula kamwana ka nkhumba miyezi ingapo m'mbuyo n'kumakaweta dala kudikira tsikuli, mabanja ena amasonkherana kuti adzagule ng'ombe kapena njati yoweta imodzi n'kugawana. Azibambo amaipala, kuitumbula, m'mimbamo n'kudzazamo adyo, anyezi, mchere ndi tanglad, udzu wonunkhira uja ena amathira mu tiyi, kenako amaisomeka pa nsungwi yaitali n'kumaitembenuza pamakala pang'onopang'ono maola anayi kapena kuposa, mosinthana, mpaka khungu lifiire n'kuuma kuti khrrr. Imeneyo ndiye lechon, mfumu ya tebulo. Ndikudziwa simudzaidya, koma kukhala nawo pamotopo usiku, khofi m'manja, ndi pamene mudzamve nkhani zenizeni za mudziwo. Kusanache bwinobwino bandi ya malipenga imayamba kuzungulira m'misewu kudzutsa anthu, amati diana, ngati kuti panali wina amene anagona kkkk.

M'mawa kumakhala misa yaikulu, kumidzi ing'onoing'ono ndi limodzi mwa masiku ochepa amene wansembe amafikako, choncho makanda ambiri amabatizidwa tsiku lomwelo ndipo m'nyumba zina phwando limakhala lapawiri. Misa ikangotha, cha m'ma 11, zitseko zonse zimatseguka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa ine ndinalakwitsa.

Nyumba yoyamba anatiika patebulo, zakudya zili mbwee, ine ndi njala ya usiku wonse ndinadzaza mbale, n'kuwonjezeranso, n'kutsekera ndi leche flan, chotsekemera cha mazira ndi mkaka. Ndikutsuka m'manja ndikuganiza kuti tsopano kapume, mnzanga uja akuti tiyeni kwa azakhali. Kwa azakhali tebulo lina lofanana. Kuchoka apo kwa ankolo, kwa amene anamuimira pa ubatizo, kwa mnzake wa kupulayimale, kwa kapitan, mtsogoleri wa barangay. Tinalowa nyumba 7 tsiku limenelo, ndipo paliponse mayi wapanyumba amaima pambali panu kuona ngati mukudya. Pofika nyumba yachinayi ndinkangoyendetsa mpunga m'mbale ndi supuni ngati mwana wodwala malungo. Nzeru yake ndi yoti nyumba iliyonse mutenge pang'ono, tizidutswa tiwiri titatu, muyamikire mokweza, mucheze mphindi makumi awiri kapena atatu, n'kupita. Kukana kulowa ndiye kulakwa, kudya pang'ono si kulakwa. Ndipo musadabwe kuona anthu amene mwini nyumba sakuwadziwa n'komwe, mnzake wa mnzake wa msuweni, nawonso ali ndi mbale m'manja, tsiku limenelo safunsa kuti ndinu a kwa yani.

Ku Bohol amalankhula Bisaya, Tagalog chanu cha ku Cavite achimva koma mukaponyako mawu awiri a kwawo mwawagula. Pakhomo mumati "ayo", ndi odi wathu yemweyu, iwo amati "dayon", lowani. "Mangaon ta" ndi tiyeni tidye, mudzaimva kokwana zana. "Lami kaayo" ndi zokoma kwambiri, "busog na ko" ndakhuta, "salamat kaayo" zikomo kwambiri. Makolo a mnzanuyo mukawatchule Nanay ndi Tatay, agogo Lola ndi Lolo, akuluakulu ena Manong kapena Manang. Mukakumana ndi okalamba tengani dzanja lawo lamanja n'kuligunditsa pamphumi panu mutawerama pang'ono, mwina munaziona kale ku Cavite, amati mano, agogo amakondwa nazo zedi mlendo akachita. Nsapato muzivula pakhomo olo akuuzeni kuti musavule, ingoyang'anani mulu wa masilipasi pa masitepe.

Tsopano nkhani ya nkhumba. Sindikunamizani, tebulo la pista ndi la nkhumba. Lechon, humba imene ndi nkhumba yophika ndi soya, viniga ndi shuga, dinuguan imene ndi zam'kati zophika ndi magazi, menudo imene ndi nkhumba yamsuzi, lumpia, zija zangati samusa, zambiri m'kati mwake ndi nkhumba yogaya. Koma simufa ndi njala. Choyamba, uzani mnzanuyo panopa kuti auze mayi ake sabata isanakwane, osati mukanene muli patebulo. Chachiwiri, mawu oti munene ndi "Sabadista ko, dili ko mokaon og baboy", ndine wa Sabata sindidya nkhumba. Mpingo wanu amaudziwa bwino, matchalitchi ake alipo m'matauni ambiri, ndipo mukangotero nkhani yatha, palibe wokhumudwa, mwina mpaka akupherani nkhuku yachikuda inu nokha. Pamakhala nkhuku yamsuzi, nsomba yokazinga yothira msuzi wotsekemera wowawasa imene amati escabeche, kaldereta ya mbuzi kapena ng'ombe, balbacua ya chikopa ndi mchira wa ng'ombe yophika maola ambiri. Chenjerani ndi zobisika. Pancit ndi bam-i, zija zangati sipageti, kawirikawiri mumakhala tinyama ta nkhumba ndi nkhanu zing'onozing'ono. Masamba amakonda kuwakazingira limodzi ndi nkhumba, ndipo munthu akhoza kukuuzani ndi mtima wonse kuti mulibe baboy chifukwa kwa iye tizidutswa tating'ono si nyama, ndi zokometsera chabe. Ngakhale keke yawo ya pista imene amati torta, yokoma ndi yofewa ija, yachikale amaipanga ndi mafuta a nkhumba komanso amatupitsa ndi tuba. Nde funsani, mukuseka, musachite manyazi. Budbud ndi sikwate, chokoleti chotentha cha koko wa komweko, zimenezo idyani mopanda mantha, m'mawa mwake simudzafunanso tiyi.

Mowa nawo ulipo wambiri. Masana akamapendeka azibambo amakhala pansi pa mtengo ndi tuba, amene ndi madzi a kumaluwa a kokonati ofufumitsa, ofiirira chifukwa amathiramo khungwa la mtengo wina, kapena bahalina amene ndi tuba wogonera miyezi, kapena mabotolo a Red Horse ndi Tanduay. Kamwedwe kake amati tagay, tambula imodzi yokha, munthu mmodzi ndi amene amathira n'kumapatsa aliyense motsatana, ndendende chipanda cha masese kwathu. Ikafika pa inu ingonenani mawu aja a Sabadista, adzaseka, wina adzatuma mwana kukagula botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kumakuthirirani zimenezo pa ndime yanu. Khalani nawo ndithu, kuchoka chifukwa choti simumwa kumaoneka ngati mukuwaweruza. Koma mawu akayamba kukwera, wina akayamba kukumbutsa mnzake za malire a munda, nyamukani mwakachetechete mukakhale ndi amayi kukhitchini, ndewu za pa pista zimayambira pamenepo ndipo mlendo alibe nazo gawo. Chimene simungathawe ndi videoke. Makina ake amabwereka tsiku lonse, amapereka malikisi mukamaliza kuimba, ndipo sasamala kuti mawu anu ndi a chule, chimene amafuna ndi choti mwagwira maiki. Konzeranitu nyimbo imodzi.

Kumbali ina ya mudzi mudzamva phokoso la azibambo ngati kuli mpira, kumeneko akumenyanitsa atambala, sabong. Lamulo la mu 1974 limalola zimenezi Lamulungu, pa maholide ndi pa pista. Amamangirira kampeni kakuthwa kumwendo kwa tambala, ndewu yake pena siitha ngakhale mphindi imodzi, ndipo ndalama zimasinthana manja zambiri, wolandira ma beti amangotambasula manja n'kumakumbukira zonse pamutu osalemba, ndiye amamutcha kristo chifukwa cha katambasulidwe ka manjako. Ine ndinaonerako kamodzi basi, sizinandisangalatse, ndipo palibe amene anandikakamiza kubwererako. Inu ndi ndalama za fizi musayandikire n'komwe.

Za chipembedzo musade nazo nkhawa kwambiri. Madzulo, kwina pa bisperas kwina pa tsiku lenilenilo, amatulutsa chifanizo cha nkhoswe ija n'kuchiika pa ngolo yokongoletsedwa ndi maluwa ndi magetsi, kumbuyo anyamata akukankha kajenereta, anthu m'mizere iwiri makandulo m'manja akunena kolona, bandi ikuimba pang'onopang'ono, kuzungulira mudzi wonse n'kubwerera ku kapilya. Akafika anthu amalimbirana maluwa a pangoloyo kukasunga kunyumba. Inu simukuyenera kugwira kandulo kapena kugwada ngati chikumbumtima chanu sichikulola. Imani m'mbali mwa msewu, vulani chipewa, khalani chete ikamadutsa, basi. A mipingo ina a m'mudzi momwemo amachitanso chimodzimodzi, ndipo ambiri a iwo madzulo ake mumawapeza ali kwa achibale awo akudya. Chimene ndikukupemphani n'choti mtsutso wa mafano muusiye ku hositelo. Munthu amene mayi ake sanagone masiku awiri kukuphikirani si woti mumutsegulire Eksodo 20 patebulo. Komanso onani kalendala, masiku a pista ambiri sasuntha, ngati lagwera pa Sabata muuzeni mnzanuyo msanga kuti adziwe zimene mudzachite ndi zimene simudzachita, ndipo akulozereni tchalitchi chanu chapafupi.

Usiku bwalo la basketball lija amalitchinga ndi nsungwi kapena malata, masipika atasanjikizana ngati khoma, pakhomo pali tebulo lolipirira, achinyamata amati diskoral. Asanayambe kuvina amaveka chisoti mfumukazi ya pista, ndipo m'midzi yambiri amene wapambana si wokongola kuposa onse koma amene abale ake asonkha ndalama zambiri, mavoti ndi ndalama, zimenezo n'zimene amakonzera kapilya kapena kulipira masipika. Akuluakulu nawo amakhala ndi nthawi yawo, ku Bohol kuli gule wakale wotchedwa kuradang, ndipo ku Leyte ndi ku Samar kuli kuratsa, mwamuna ndi mkazi akuvina mothamangitsana ngati tambala ndi thadzi, anthu n'kumaponya ndalama pansalu, perekaniperekani weniweni. Mukhale ndi tima 20 peso m'thumba, chifukwa wa pa maiki akangodziwa kuti pali mlendo wochokera ku Africa akutchulani ndithu.

Pamenepa ndinenepo za khungu. Ku Cavite anazolowera ophunzira ochokera kwathu kuno, kumudzi ku Bohol mwina mudzakhala woyamba. Ana adzakutsatani, ena adzafuna kugwira tsitsi, ma selfie osatha, amayi adzakufunsani ngati muli pabanja mphindi zisanu zisanathe n'kukulozerani mdzukulu wawo. Ena adzanena mawu okhudza kuda kwanu amene kwathu tikanakwiya nawo, kambiri ndi kusadziwa osati nkhanza, koma ngati wina wapyola malire uzani mnzanuyo, iye adziwa kakonzedwe kake. Ndipo ija mukuidziwa kale, mukati Malawi iwo amamva Marawi, mzinda wa ku Mindanao kumene kunali nkhondo mu 2017, nde konzekani kufotokoza kasanu pa ola.

Ndalama. Zimene mudzaone patebulo zisakupusitseni kuti anthuwo ndi olemera. Ambiri amasunga chaka chonse, ena amadikira mwana wa ku Dubai atumize, ena amakapinyolitsa ndolo ndi mphete, ena amatenga katapila amene amati 5-6, ukabwereka 5 umabweza 6. Pista ikatha mabanja ena amabwerera ku mpunga ndi nsomba zouma miyezi ingapo. Eni ake amatsutsana za zimenezi kuyambira kale, senata Raul Manglapus m'zaka za m'ma 1960 anadzudzula kwambiri kuwononga chuma pa mapista. Ine poyamba ndinkagwirizana naye kwathunthu, ndipo mpaka pano ngongole ya katapila chifukwa cha lechon sindiivomereza. Koma nditayendayenda ndinaona kuti chakudyacho chimazungulira, amene wadya kwanu lero inu mukadya kwawo sabata yamawa, ndipo ndi tsiku lokhalo pachaka limene mayi amaona ana ake onse pakhomo limodzi. Ife amene timagwetsa ng'ombe pa ukwati ndi pomanga chiliza tilibe pakamwa poti tiwaseke. Kwa inu tanthauzo lake ndi loti musapite chimanjamanja koma musakapatse mayi ndalama m'manja pamaso pa anthu, adzachita manyazi ngati mukulipira lesitilanti. Tengani pasalubong, kamphatso kapaulendo, keke, zipatso, kapena mukafika mugule kireti ya zakumwa. Ngati muli ndi chitenje kapena tiyi wa ku Thyolo mu sutikesi, zimenezo ndiye adzazionetsa mudzi wonse. Ngati mukufuna kuthandizapo ndi ndalama mupatseni mnzanuyo kumbali kuti agulire ayisi kapena makala.

Ulendo wake, matikiti gulani msanga chifukwa mu Meyi aliyense akupita komweko. Ndege zochokera ku Manila zimatera ku Panglao, bwalo limene linatsegulidwa mu 2018, kapena mukhoza kudzera ku Cebu n'kukwera boti lothamanga lija, maola awiri mwafika ku Tagbilaran. Kuchoka apo ndi basi, jeepney imene ili ngati minibasi yawo, kenako habal-habal amene ndi kabaza wa njinga yamoto, kungoti iwo amakweza anthu anayi ndi thumba la mpunga. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, kumudzi makina otapira ndalama kulibe. Meyi ndi wotentha koopsa, kutentha kwa chinyontho, imwani madzi ogula kapena owiritsa. Kogona musayembekezere bedi, nyumba imakhala yodzaza ndi abale, mudzapatsidwa mkeka pabalaza pamodzi ndi asuweni khumi, ndipo akakupatsani chipinda dziwani kuti wina wachotsedwamo, thokozani kwambiri. Ngati kuli mwambo wonyamula woyera pamadzi, boti likadzaza musakwere, onererani pamtunda. Ku Bocaue m'chigawo cha Bulacan mu Julayi 1993 chombo chokongoletsedwa cha pista chinamira chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndipo anafa oposa 200. Mukapeza mpata muonenso matchalitchi akale a miyala ya m'nyanja ku Baclayon, Loboc, Loon ndi Maribojoc, chivomezi cha pa 15 Okutobala 2013 chinawagwetsa ena mpaka pansi koma anawamanganso.

Chaka china ngati ya ndege yasowa, pafupi ndi Cavite pomwepo pali zoti muone. Ku Lucban m'chigawo cha Quezon pa 15 Meyi kuli Pahiyas, nyumba zonse za m'njira imene San Isidro adutse amazikuta ndi mpunga, masamba, zipatso ndi kiping, timapepala ta ufa wa mpunga tooneka ngati masamba a mtengo tamitundu yowala, ndi zokongola zedi koma anthu ake ndi a mtundu wa Sinulog, pitani m'mamawa kwambiri. Ku Pulilan pa 14 Meyi njati zoweta zimagwada kutsogolo kwa tchalitchi. Ku Obando pa 17 mpaka 19 Meyi mabanja osowa mwana amavina mumsewu kupempha mphatso. Pa 24 Juni ku Bibiclat ku Nueva Ecija anthu amadzipaka matope n'kuvala masamba ouma a nthochi polemekeza Yohane Mbatizi, ndipo tsiku lomwelo ku Balayan ku Batangas amayendetsa ma lechon atawaveka zovala ndi magalasi uku akuthirana madzi, imeneyo kwa wa Sabata ndi yongojambula basi. Zonsezi zidzakhalapo chaka chamawa ndi chinacho. Kuitanidwa kunyumba kwa munthu ndiye sikubwera chaka chilichonse.

Musanyamuke m'mawa wa tsiku lotsatira ngati mungathe. Tsikulo amati liwas, alendo apita, mudzi uli mbuu ndi tulo, abale okhaokha akutsuka ma kawa ndi kubweza mipando, zotsala za lechon akuziphikanso ndi viniga. Gwirani nawo tsache. Ponyamuka Nanay adzakupatsirani pulasitiki ya zakudya, iwo amati bring house, ndipo kukana sikutheka, nde ingomuuzani mnzanuyo aonetsetse kuti mwanu alongezamo nkhuku ndi budbud osati humba. Padoko kapena m'njira mugule kalamay wa ku Jagna, phala lonanda la mpunga, kokonati ndi shuga limene amalitsekera m'chigoba cha kokonati n'kumata ndi kapepala kofiira pakati, mugule awiri chifukwa anzanu a ku hositelo aja amati musunge ya Sinulog adzakhala oyamba kubwera ndi masupuni.